Holoti wa Pachingwe

"Tabwereza ndimve bwino," anatero a Oswald akuponya pansi ukonde umene ankasoka. "Che Wadi unawaimitsa ndi liwu lanji?"

"Ndanena kale, ababa. Ndinati holoti. Aliyense wofika pachingwe timamuuza choncho."

"Ndiye anaima?"

"Akanapanda kuima akanalowera kuti?" Willard anayankha osadzutsa mutu, ali kalikiliki kupukuta nsapato zimene anapatsidwa kuchipani.

Mayi Enid anali pakhomo pa khitchini akupala chambo, koma mpeni unali utaima kalekale m'dzanja lawo. Nkhaniyo anali ataimva kuchitsime. Anyamata a malaya ofiira, amene anamanga chingwe pamsewu wochoka ku Malindi kupita ku boma la Mangochi, anagwira Che Wadi, mkulu wogula nsomba panjinga, atayiwala khadi la chipani mumkanjo umene anavala kumzikiti. Anawaimika padzuwa dengu la utaka lili pamutu mpaka nsomba zinayamba kuitana ntchentche. Ndipo amene anakuwa kuti munthu wamkuluyo aime anali mwana wawo yemweyu, wa bere lawo.

"Che Wadi ndi msinkhu wanga," a Oswald anapitiriza. "Ukudwala chikuku anakukweza panjinga yomwe ija kupita nawe kuchipatala cha mishoni. Lero wasanduka mbuzi yoti uziikuwira?"

"Pachingwe palibe msinkhu. Pali khadi basi."

"Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndaona. Koma liwu ukulitafunalo ukulidziwa kumene linachokera?"

"Ndi Chingerezi. Anatiphunzitsa kuperete."

"Chingerezi! Tamumvani, mayi a Willard, akundiphunzitsa Chingerezi cha perete ine amene ndinavala mizere itatu paphewa kunkhondo ya ku Bama." A Oswald anadzuka, bondo lawo lodwala likulira. "Tamvera, mwana iwe. Mzungu amati *halt*, pakamwa pathu m'pamene linasandukira holoti. Ndipo Mngereziyonso si lake. Kapitawo wathu wachingerezi anatiuza yekha kuti makolo ake anachita kubwereka kwa asilikali a Jeremani, ndipo kwawoko limatanthauza kugwira. Gwira phazi, gwira mpweya. Si liwu loitanira munthu kumudzi ayi. Linabadwira kunkhondo, ndipo kumbuyo kwake kumakhala mfuti."

"Nanga cholakwika n'chiyani? Ifenso tikulondera dziko."

"Cholakwika n'chakuti munatola mutu, mchira n'kuusiya. Mlonda akati holoti sathera pomwepo. Amafunsa kuti ndiwe yani. Winayo akayankha, amamuuza kuti sendera ndikuone nkhope. Akamuzindikira amati dutsa, bwenzi, zonse zili bwino. Liwulo ntchito yake n'kupatula mdani pakati pa abale. Tsono iwe Che Wadi sunawazindikire? Ndevu zija unaziona koyamba dzulo?"

"Bambo a Willard, chonde tsitsani mawu," mayi Enid anachonderera. "Mwalankhula, wamva."

Koma munthu akayamba kutsetsereka pamtunda samva kuitana. A Oswald analoza chala kumsewu.

"Mzungu anapita, chikoti chake anasiya, mwatola ndinu. Boma loimika nkhalamba padzuwa likusiyana pati ndi la atsamunda? Bola iwo aja, ankayamba afunsa dzina!"

Masiku amenewo mawu otere sankatuluka pakamwa pa munthu wofuna kufera pakhomo pake. Mphunzitsi wina wa kutsidya anangodandaula za mtengo wa shuga, mpaka lero mkazi wake sadziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi.

Willard anaika nsapato pansi pang'onopang'ono.

"Ababa, mwati chiyani?"

"Atopa ndi dzuwa abambo akowa," mayi Enid analowerera msangamsanga. "Palibe chimene anena. Bwera udzadye, mwanangu."

Mnyamatayo anayang'ana bambo ake, kenaka mayi ake. Anavala malaya ake ofiira, n'kumanga mabatani onse mpaka la pakhosi, n'kutuluka osatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo mayi Enid anayamba kuopa mwana wawo. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuchinena, koma ndi mmene zinalili. Ankamusankhira mutu wa chambo umene kale unali wa bambo ake. Ankamuchapira malaya ofiira aja ndi sopo wabwino, n'kuwasita mosamala kuposa nsalu ya paguwa la tchalitchi. Willard ankalandira zonse mwakachetechete. Sankasekanso, sankayimbanso posamba, ndipo ndi bambo ake ankangopatsana moni wa alendo.

Tsiku lina mayi ake anamupeza yekha kuseri kwa nkhokwe akusema mpini.

"Willard, za tsiku lija ..."

"Tsiku liti, amayi?"

"Abambo ako ndi munthu wokalamba. Nkhondo inawasiyira mkwiyo m'mutu. Sikuti amatanthauza ..."

"Kodi alipo amene wakufunsani?" anawadula, maso ali pampini. "Nkhani imeneyo musandiyambitsenso."

Mawu amenewo mayi Enid anawatembenuza uku ndi uku ngati nsomba yapamoto, koma sanapeze mbali yakupsa. Kodi ankatanthauza kuti nkhani yatha, kapena kuti yapita kale kumene iyenera kupita? Mawa lake anamuona pansi pa mtengo wa mango ali ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani, mkulu wamfupi wokonda kuyenda ndi ndodo ngakhale miyendo yake inali yabwinobwino. Tcheyamaniyo anali atamugwira paphewa, ndipo Willard ankangogwedeza mutu. Mayi Enid anafika kunyumba mtolo wa nkhuni utawapweteka khosi osadziwa.

A Oswald ankadzionetsa ngati alibe nazo kanthu.

"Ine ndinagona m'matope a ku Bama zipolopolo zikulira ngati udzudzu," ankatero. "Ndiope mwana amene ndinamuphunzitsa kupalasa bwato?"

Koma mkazi amadziwa mwamuna wake. Jasi lawo lakale la usilikali, limene linkakhala pansi pa bokosi, mayi Enid analipeza litapindidwa bwino pampando wa pafupi ndi chitseko, buku la mapemphero lili m'thumba mwake. Galimoto ikalira kumsewu, a Oswald ankasiya kutafuna mpaka phokoso litazimiririka.

"Jasili likutani apa kukutentha chonchi?" mayi Enid anawafunsa.

"Ndikuliwombetsa mphepo. Njenjete zingalidye."

"Bambo a Willard, mupepeseni mwanayu."

"Ndipepese chiyani? Kodi ndinanama?"

"Kunama simunaname. Koma manda adzaza ndi anthu onena zoona."

A Oswald anatenga khasu n'kupita kudimba la mpunga.

Mutu umodzi susenza denga. Kwathu kuno mwana akavuta sapita naye kwa bambo ake, amapita naye kwa amalume ake, eni mbumba. Bambo ndi mkamwini chabe, wobwera. Ndiye Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, mayi Enid anatsatira mchimwene wawo Jenkins, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa woyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe. Anakhala pakhonde la nyumba yake, mlamu wawo atapita kukatunga madzi.

"Achimwene, mbumba yanu ikupsa. Mphwanu Willard sakumvanso za munthu. Mumuitane mumulangize."

"Za Che Wadi zija? Ndinamva. Koma achemwali, ana a masiku ano ukawadzudzula umayamba wayang'ana mtundu wa malaya awo. Musiyeni. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha."

"Zikanakhala za Che Wadi zokha sindikanabwera. Anakangana ndi alamu anu."

"Bambo ndi mwana kukangana n'chachilendo?"

"Alamu anu analankhula mawu."

"Mawu anji?"

Mayi Enid anayang'ana kumanzere ndi kumanja. Munthu sungapite kwa sing'anga n'kubisa chilonda. Anasendera pafupi, n'kunong'ona zonse monga mmene zinatulukira pakamwa pa amuna awo, za chikoti, za atsamunda, osasiyako kanthu.

A Jenkins anadzuka ngati akhalira nyerere.

"Mayo ine! Achemwali, mwandiuziranji zimenezi?"

"Nanga ndikauze yani? Si inu eni mbumba?"

"Mwandiponyera njoka m'thumba! Simudziwa kuti wakumva n'kukhala chete mlandu wake ndi umodzi ndi wonena? Mnyamatayo wakanena kale?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera, kuti mumugwire pakamwa asanatero."

"Ine ndikamuuze mnyamata wa malaya ofiira kuti abise mawu onyoza boma? Ndiye mawa akanene kuti amalume anandituma kubisa? Anthu akuonani mukulowa pano. Akadzafunsa kuti mlongo wako anadzakuuza chiyani, ndidzati tinkakamba za mpunga?" anatero a Jenkins. "Ndili ndi mwana ku sekondale ine. Ndili ndi ana aakazi osakwatiwa."

"Chibale ndi fupa, achimwene, sichiwola."

"Fupa lake ndi inu ndi Willard. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Akaterereka asatikokere tonse m'madzi." Kenaka anadzigwira, n'kutsitsa mawu. "Pitani kunyumba. Ndiona chochita."

Mayi Enid anabwerera mtima utapepukako pang'ono. Anadziuza kuti mantha a mchimwene wawo ndi a pakamwa chabe, akagona adzuka ali mwini mbumba. Anadikira kuti Willard aitanidwe kwa amalume ake, koma sabata inatha osaitanidwa.

Mpunga unali utayamba kucha, ndipo mbalame zinkatera ngati mtambo. M'mawa wina dzuwa litakwera, mayi Enid anali pachiulu pakati pa dimba akugwedeza chingwe cha zitini, amuna awo akubwera m'kanjira ka m'mbali ndi mtolo wa bango paphewa. Pamenepo anamva kulira kwa galimoto, osati kumsewu ayi, koma kumudzi kwenikweni. Landirova yobiriwira inaima pamene njira ya ngolo imathera. Munatuluka amuna awiri achilendo ovala majekete, kenaka tcheyamani ndi ndodo yake, ndipo kumbuyo kunatsika anyamata a malaya ofiira. Wotsiriza kutsika anali Willard.

Zitini zinagwa m'manja mwa mayi Enid. Anafuna kukuwa kuti amuna awo athawe, koma athawire kuti munthu wa bondo limodzi, kutsogolo nyanja, kumbuyo anthu? Amayi a m'madimba oyandikana anaweramuka, ana anasiya kuponya miyala.

"Willard," anatero tcheyamani mokweza kuti aliyense amve, "imitsa munthu uyo."

Mnyamatayo anatsegula pakamwa. Mayi ake anaona khosi lake likukwera ndi kutsika, koma mawu sanatuluke.

"Wagwidwa ndi chiyani? Pachingwe paja umakuwa mpaka agalu kuthawa!" Tcheyamani anamukankhira pambali, n'kudzikuwira yekha ndi mawu ake opyapyala. "Holoti!"

A Oswald anaima. Anaima monga anawaphunzitsira kalekale, phazi lamanja kugunda pansi pambali pa linzake, msana kuwongoka, ngakhale bango linali likadali paphewa. Anatsitsa mtolowo bwinobwino kuti usagwere pampunga.

"Ndaima," anatero. "Mwandipeza."

"Ndinu amene mukuti boma lathu ndi la atsamunda? Kuti tinatola chikoti cha mzungu?" anafunsa tcheyamani.

"Mwamva kwa yani?"

Tcheyamani anaseka, n'kuzunguliza ndodo yake kuti amayi onse a m'madimba amve phunziro.

"Mumayesa chipani chilibe makutu? Wakutulutsani ndi wa pabanja panu pomwe. Alipo anthu okonda dziko lawo kuposa chibale."

Maso onse anatembenukira kwa Willard. A Oswald nawonso anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, opanda mkwiyo, ngati munthu woyang'ana nyumba yake itapsa kale. Willard anapukusa mutu, koma mmodzi wa alendo aja anali atawagwira kale bambo ake pamkono.

"Uziwathandiza amayi ako kupirikitsa mbalame," ndiwo mawu okha amene a Oswald anamuuza.

Mayi Enid anathamangira kunyumba kukatenga jasi lija, akugwa ndi kudzuka m'matope. Pamene ankabwerera nalo, Landirova inali itatembenuka kale. Anaima panjira jasi lili m'manja, fumbi likuwalowa m'kamwa. Palibe mnansi amene anabwera kudzawagwira. Aliyense anaweramira mpunga wake, poti masiku amenewo kulira ndi mkazi wa munthu wotengedwa kunali kudziitanira galimoto yomweyo.

Anapita ku boma la Mangochi kukafunsa. Kulikonse ankawauza kuti dzina limenelo sakulidziwa, ndipo wina anawalangiza mwachifundo kuti asiye kufunsa. Kumudzi, anthu ankalambalala nyumba yawo. Willard akamadutsa, amayi ankakokera ana awo m'nyumba, ndipo amuna ankamupatsa moni waulemu wopitirira muyezo, kenaka n'kulavula malovu iye atapita. Ana a sukulu anamupatsa dzina lakuti Yudasi, lonena chapansipansi. Che Wadi okha ndi amene anaimitsa njinga tsiku lina, n'kusiya kamulu ka utaka pakhonde osalankhula kanthu.

Mayi Enid nawonso ankakhulupirira zimene mudzi unkakhulupirira, mpaka tsiku limene a Jenkins anabwera ndi dengu la chimanga. Analitula pakhomo, n'kukhala pampando wa mlamu wawo, ambulera ili pakati pa miyendo. Sanathe kuwayang'ana achemwali awo kumaso.

"Anandilonjeza kuti angowachenjeza," anatero mwadzidzidzi.

"Ndani?"

"Tcheyamani. Ine ndinangopita kuti adziwe kuti sindili nawo m'gulumo. Ndinkayesa kuti mnyamatayu ananena kale, ndiye ndinati ndikachedwa andiwerengera pamodzi. Nditayamba kulankhula ndinaona nkhope yake kuti nkhaniyi akuimva koyamba. Koma mawu anali atatuluka kale, achemwali. Ndikanawabweza bwanji?"

Mayi Enid anagwira chitseko.

"Willard sananene?"

"Sananene kanthu. Tcheyamani anamufunsa kangapo za kunyumba kuno, iye ankangoti zonse zili bwino. N'chifukwa chake anamutenga tsiku lija, kuti amuyese."

"Ndiye ndinu. Mwana wa mayi anga." Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono. "Ndinabwera kwa inu ndi chilonda, inu n'kukaitana ntchentche."

"Munabweretsa nokha, achemwali! Ndinakufunsani ine? Mukanakhala chete bwenzi alamu ali pano." A Jenkins anapukuta thukuta. "Koma tamverani. Mnyamatayu asadziwe. Mukumudziwa mtima wake, ndi wa bambo ake. Akamva adzabwera kwanga ndi chikwanje, ndipo wokhudza munthu amene anathandiza chipani sagona pakhomo. Akumuyang'anitsitsa kale chifukwa anakana kukuwa kudimba kuja. Mwataya mwamuna. Mukufuna mutayenso mwana?"

"Nyamulani chimanga chanu."

"Achemwali ..."

"Nyamulani!"

Ananyamula, n'kuchoka chowerama, ambulera atayiwala. Mayi Enid anaiponya kunja kwa mpanda. Kenaka anakhala pansi n'kulira kulira kumene anakubisa masiku onse aja. Ankalirira amuna awo, ankalirira phazi lawo limene linawatengera pakhonde lija, koma koposa ankalirira mwana amene anamuopa ngati chilombo pamene iye anali atasenza bambo ake pamsana mwakachetechete.

Willard anafika masana kuchokera kudimba, miyendo ili matope okhaokha. Anali atawonda, maso atalowa. Anakhala pamwala wonolera mipeni, moyang'anana ndi mayi ake.

"Amayi, ndikufuna ndikufunseni. Tsiku lija tinalipo atatu pabwalo pano. Ababa, inu, ndi ine. Ine ndikulumbira pa Mulungu, sindinauze munthu. Anandiopseza, anandinyengerera, sindinanene. Ndiye anamva kwa yani?"

"Kaya, mwanangu. Mwina wina ankadutsa kuseri kwa mpanda."

"Anati wa pabanja. Munamva nokha." Anatola chikwanje chimene chinali pambali pa mwalawo, n'kuyesa kuthwa kwake ndi chala. "Ndikadzamudziwa, ngakhale atakhala ndani, adzandipeza panjira. Zikatero adzanditenge, ndikawapeze ababa ndikawauze kuti sindine."

Mayi Enid anayang'ana chikwanjecho, n'kuyang'ana khosi lowonda la mwana wawo. Dzina la mchimwene wawo linali pansonga ya lilime, lowawa ngati ndulu. Analimeza.

"Mudzi wonse ukuti ndine," Willard anapitiriza, mawu akusweka. "Ababa anapita akuganiza kuti ndine. Zimenezo ndingapirire. Koma inu, amayi, tandiuzani. Mukudziwa kuti sindine, eti?"

Ankadziwa. Palibe chinthu padziko chimene ankachidziwa kuposa chimenecho. Koma ankamudziwanso mwana wawo. Akanati inde ndikudziwa, iye akanaona m'maso mwawo kuti si mawu otonthoza chabe, ndipo akanafunsa kuti mwadziwa bwanji, osawasiya mpaka atatchula dzina. Dzuwa lisanalowe kukanakhala maliro kwa Jenkins ndi Landirova pakhomo pano.

Anaweramitsa mutu, n'kuyamba kutola timiyala mumpunga umene unali m'lichero.

"Amayi?"

Sanadzutse maso.

Willard anadikira. Anadikira mpaka nkhuku zinabwera kudzatola zimene zinkagwa m'lichero. Kenaka anaika chikwanje pansi mofatsa, ngati chamulemera.

"Ndamva," anatero. "Inunso."

Anadzuka n'kubwerera kudimba. Mayi Enid anamuyang'ana kumsana mpaka anabisika m'bango, dzanja atatseka nalo pakamwa kuti lisawapulumuke liwu lomuitana. Mwana wawo anali wamoyo, ndipo mawa adzakhalanso wamoyo, akudziwa mumtima mwake kuti mayi ake omubereka amamuyesa wogulitsa bambo ake.